Mlembi ndi Woŵerenga Wake Woyamba

Lero tikambirane za chizoloŵezi chimene alembi okhwima amachitsata, koma oyamba kumene amachiwopa: kupereka zolemba zao kwa anzao kuti aziŵerenge zisanapite kwa osindikiza. Nkhaniyi ikukhudza makamaka inu aphunzitsi, akatekisiti ndi achinyamata a kumadera monga Mua, Golomoti ndi Mtakataka, amene muli ndi makope odzaza ndi nthano ndi ndakatulo, koma mudaŵatsekera m'sutikesi.

Chifukwa cha chizoloŵezichi n'chosavuta kumva. Mlembi akamaŵerenga zimene walemba yekha, saona zili papepala ayi, amaona zili m'mutu mwake. Iye akudziŵa kuti mai wotchulidwa pa tsamba lachitatu ndi azakhali a mnyamata uja, motero sazindikira kuti zimenezo sadazilembe paliponse. Pamene padumpha mau, diso lake limadzazapo lokha. Munthu wina, amene alibe chomutsogolera koma pepala lokhalo, ndiye amapunthwa pamenepo. Ndipo kuli bwino apunthwe munthu mmodzi lero, kusiyana n'kuti adzapunthwe anthu zikwi buku litasindikizidwa, pakuti madzi akatayika saoleka.

M'dziko mwathu muno chizoloŵezichi chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College adayambitsa gulu lotchedwa Malawi Writers Group. Nthaŵi imeneyo kolejiyo idali ku Blantyre, isanasamukire ku Zomba mu 1973. Mwa iwo mudali Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula, pamodzi ndi aphunzitsi monga David Kerr ndi Landeg White. Ankakumana sabata ndi sabata. Ndakatulo kapena nthano ya munthu inkachulukitsidwa pa makina, aliyense n'kulandira pepala lake, iŵerengedwe mokweza, kenaka anzake a mlembiyo n'kuyamba kuisenda mzere ndi mzere. Chaka chotsatira, mu 1971, gululi lidatulutsa kabuku kotchedwa Mau, mmene mudali ndakatulo 39.

Komatu kuŵerengerana kwa masiku amenewo sikudali kongokonza chiyankhulo. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe loyesa ndi kuletsa mabuku, ndipo munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Alembi aja adaphunzira kubisa tanthauzo m'zifanizo za nthano za makolo, monga bilimankhwe ndi Napolo. M'nyengo yotere woŵerenga woyamba amayenera kuyankha mafunso aŵiri: kodi tanthauzo likumveka kwa otchera khutu? Nanga silidaonekere poyera mopitirira muyeso? Ngakhale kudali kusamala kotereku, Mapanje, amene buku lake Of Chameleons and Gods lidasindikizidwa ku London mu 1981, adamangidwa mu 1987, nakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Masiku amenewo adapita, koma phunziro lake lilipobe. Zolemba zaziŵisi zimaperekedwa kwa munthu wosunga chinsinsi, amene sazionetsa kwa ena popanda chilolezo, ndiponso sakolola m'munda mwa mnzake.

Tsono wina anganene kuti, "Izo n'za ku yunivesite. Nanga ife a kunsi kwa mapiri a Dedza, anthu otere tiŵapeza kuti?" Omvera anga, woŵerenga woyamba safunika kukhala ndi digiri. Pali mitundu itatu ya anthu imene mlembi amaisoŵa, ndipo yonse ili pafupi nanu.

Woyamba ndi wodziŵa zimene mukulembazo. Mlembi wa ku Golomoti akalemba za msodzi amene akupalasa bwato mosatekeseka pakati pa nyanja m'mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake, msodzi weniweni adzangoseka, ndipo kuyambira pamenepo sadzakhulupiriranso nthanoyo. Pa nkhani za miyambo, kulakwa kwake kumaposa kusekedwa. Ku Mua, kumene ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Buku lao lonena za gule wamkulu lidatuluka mu 2012, atatha zaka zambiri akufunsa ndi kumvetsera eni mwambo. Inunso mukalemba za gule kapena za chinamwali, onetsani mkulu wodziŵa zimene zimanenedwa pabwalo ndi zimene zimatsalira kudambwe. Mungathe kukhumudwitsa mudzi wonse ndi ndime imodzi.

Wachiŵiri ndi wa khutu lakuthwa pa chiyankhulo. Ameneyu amamva pamene chiganizo chalembedwa ndi mau a Chicheŵa koma mafupa ake ndi a Chingerezi. Amamvanso pamene gogo wa m'nthano akuyankhula ngati kalaliki wa ku ofesi. Mukamuŵerengera mokweza, ngakhale munthu amene sadapite kusukulu angathe kugwira ntchito imeneyi bwino lomwe.

Wachitatu ndi mlendo. Kudera la Mua kumakumana Acheŵa, Angoni ndi Ayao, ndipo mau amene inu mwaŵazoloŵera pamsika wa Mtakataka angathe kukhala achilendo ku Nsanje kapena ku Kasungu. Tumizani zolemba zanu kwa mnzanu wa boma lina, pa positi kapena pa lamya ya m'manja. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nanga ntchito ya woŵerengayo n'njotani? Poyamba aŵerenge zonse mpaka kumapeto, cholembera chili pansi. Ulendo wachiŵiri achonge malo atatu: pamene sadamve, pamene sadakhulupirire, ndi pamene maganizo ake adayamba kuthaŵira kwina. Pofotokoza atchule tsamba ndi chifukwa. Kungoti "n'zokoma" sikuthandiza, kungoti "sizikumveka" nakonso sikuthandiza. Chothandiza ndi kunena kuti, "Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi sindidamve chifukwa chimene mwamuna uja adakhululukira mlamu wake msanga chotere." Ayeneranso kutchula zimene zamugwira mtima, kuti mlembi pokonza angachotse zomwezo. Za zilembo zodumpha ndi mipatuko zidze pambuyo, pakuti palibe amene amazira nyumba khoma lake lili lopendekeka.

Woŵerenga apeŵe msampha umodzi waukulu, ndiwo kufuna kulemba nthano ya mnzake mmene iye akadailembera. Iye ali ngati wolaŵa ndiwo. Anene kuti mchere wachepa, koma chipande chikhale m'manja mwa wophika.

Mlembi nayenso ali ndi mbali yake, ndipo ndiyo yoŵaŵa kwambiri. Pamene mnzake akuyankhula, iye akhale chete, azilemba. Mtima umafuna kunena kuti, "Apa ndimatanthauza zakuti," koma mlembi sadzatsagana ndi buku lake kunyumba iliyonse kukalifotokoza. Zimene zikufunika kufotokozedwa pakamwa n'zimene zikusoŵa papepala. Akamva zonse, adikire masiku angapo mkwiyo uzizire, kenaka asankhe. Munthu mmodzi akadandaula pa malo ena, mlembi angathe kulingalira n'kusiya momwemo. Koma anthu atatu osapangana akapunthwa pa malo amodzimodzi, pamenepo pali chitsa, chizulidwe. Asadalire mai ake kapena bwenzi lake la pamtima okha, chifukwa chikondi chimaŵachititsa kuyamika zilizonse.

Potsiriza, chizoloŵezichi chimakhazikika pokhapokha pali kubwezerana. Amene waŵerenga masamba anu makumi atatu, inunso muŵerenge ake mosamala chimodzimodzi, ndipo mubweze pa tsiku limene mudapangana. Kupatsa n'kuika. Phindu lina lobisika n'lakuti zolakwa zimene mumaziona msanga m'nthano ya mnzanu, maŵa mudzayamba kuzizindikira m'nthano yanu.

Motero pezani anzanu aŵiri kapena atatu. Panganani tsiku limodzi pamwezi, kaya m'kalasi ana ataŵeruka, kaya pansi pa mtengo wa mango mapemphero atatha. Aliyense abwere ndi masamba oŵerengeka, ndipo alandire mapepala a mnzake sabata imodzi tsikulo lisanafike. Makope aja atuluke m'sutikesi chiswe chisanaŵaŵerenge.