MWANA AKAPHONYA MAU PA MAKINA, KODI ANGABWERERE M'MBUYO?

KITWE: Mwana akapanda kumva bwino mau a mphunzitsi m'kalasi amakweza dzanja, ndipo mphunzitsi amabwereza. Akasokonezeka powerenga buku amatembenuza tsamba nabwerera pamene panabvuta. Koma tsopano maphunziro ambiri amafika kudzera pa wailesi, pa televizyoni, pa kompyuta ndi pa foni ya m'manja, ndipo pamenepo palibe amene angaone dzanja la mwana. Tsono makolo ayenera kudziwa amene ali ndi mphamvu pa nthawi ya phunziro, kaya ndi mwana kapena ndi makina.

Ku cigawo ca Migodi kuli malo awiri okhala anthu ochedwa Ndeke, ena mu mzinda wa Kitwe ndi ena mu mzinda wa Ndola. Monga m'makomboni ena a m'tauni, nyumba zina kumeneko zili ndi foni imodzi yokha yotha kuonetsa kanema, ndipo mwini wake ndi atate kapena amai amene amabwera nayo madzulo pocokera ku nchito kapena ku msika. Mwana amaibwereka kwa kanthawi, batire lili pafupi kutha, nayo ndalama ya intaneti ili yowerengeka. Mabvuto amenewa ndi omwewo a mwana wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza, ndipo kumudzi amaposa pamenepa. Kwa ana otere, phunziro limene silingaimitsidwe kapena kubwerezedwa limangopita ngati madzi a mumtsinje.

WAILESI SIDIKIRA MUNTHU

Maphunziro opanda mphunzitsi pamaso si acilendo m'dziko la Zambia. Wailesi inayamba kuulutsa mau ku Lusaka mu 1941, ndipo televizyoni yoyamba inatsegulidwa ku Kitwe mu 1961. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Unduna wa Maphunziro unakhala ndi nthambi yake youlutsa maphunziro a sukulu, ndipo mbali ya televizyoni ya nthambiyo inali ku Kitwe konko. Aphunzitsi a masiku amenewo anali kudziwa lamulo limodzi: ora la wailesi likakwana, ana onse akhale cete, pakuti mau akadutsa adutsiratu.

Mu 2000 Undunawu unayambitsa maphunziro a pa wailesi ochedwa Learning at Taonga Market, olinga makamaka ana amasiye ndi ana ena amene analibe malo m'sukulu za Boma. Phunziro lililonse linali la theka la ora. Ana anali kusonkhana m'chalichi, m'cisakasa kapena pansi pa mtengo, pamodzi ndi munthu wodzipereka wa m'mudzi wowatsogolera. Mphunzitsi wa pa wailesi anali kufunsa funso, nakhala cete kwa kanthawi kuti ana ayankhe, kenaka napitiriza. Nzeru imeneyi inathandiza ana ambiri, koma kanthawi koyankhira kaja kanali koyezedwa kale ku Lusaka. Mwana wofulumira ndi mwana wocedwa onse anali kupatsidwa masekondi ofanana, ndipo wodwala malungo tsiku limenelo anali kuphonya phunziro lonse.

Bungwe la Freeplay Foundation, limene pambuyo pake linachedwa Lifeline Energy, linagawa mawailesi opukusa ndi dzanja osafuna mabatire. Mu 2010 bungweli linatulutsa wailesi ina yochedwa Lifeplayer, yotha kusunga maphunziro m'kati mwake. Ndi wailesi yotere wotsogolera ana angathe kuimitsa mau, kufotokozera m'cinenero ca kwao, ndi kubwereza mpaka onse atamva. Kusintha kumeneku kunali kwakukulu, pakuti nthawi inacoka m'manja mwa woulutsa nkubwera m'manja mwa wophunzitsa.

MZERE WA NTHAWI

Maphunziro a pa kompyuta ndi pa foni amapangidwa ndi anthu, pogwiritsa nchito mapulogramu apadera olembera maphunziro. Ena odziwika ndi Articulate Storyline, imene inatuluka mu 2012 ku America, Adobe Captivate, ndi H5P yocokera ku Norway. Wopanga phunziro akatsegula Storyline kapena Captivate, pansi pa galasi la kompyuta pamaoneka mzere wautali wokhala ndi timizere ta masekondi, wonga tepi ya telala. Pa Cingerezi amauchula timeline, ndiye kuti mzere wa nthawi.

Pa mzere umenewu wopangayo amayala zonse za tsamba limodzi la phunziro: mau a mphunzitsi, zithunzi, malemba ndi mafunso. Ciliconse cili ndi nthawi yake yoonekera ndi yozimiririka. Mwacitsanzo, pophunzitsa kugawa manambala, angaike samu pa sekondi yoyamba, mubvi woloza nambala pa sekondi ya 8, ndi yankho pa sekondi ya 20, kuti zonse ziyendere limodzi ndi liu la mphunzitsi. Pali kacizindikiro kamene kamayenda pa mzerewo kusonyeza pamene phunziro lafika. Wopanga angakakoke ndi kukaika paliponse kuti aone ngati cithunzi ndi mau zikugwirizana, ndiponso angakhome timapfundo pa malo ofunika, monga mmene mlimi amakhomera zikhomo pa cingwe pobzala cimanga.

Mwana wophunzira saona mzere waukuluwo. Iye amaona kamzere kakang'ono pansi pa tsamba, kokhala ndi batani loimitsira ndi loyambitsira, monga kaja ka pa kanema wa pa foni. Cimene makolo ambiri sadziwa ndi cakuti kamzere kameneka kamagwira nchito monga mmene wopanga phunziro anafunira. Mu Storyline wopangayo ali ndi njira zitatu. Angalole mwana kukoka kamzereko kutsogolo ndi kumbuyo mmene afunira. Angakatseke kuti mwana azingokaona kakuyenda koma osatha kukasuntha. Kapena angalole kukoka pokhapokha mwana atamvetsera tsamba lonse kamodzi. Comweconso mndandanda wa mitu ya phunziro ungakhale womasuka, ungalole kubwerera ku mitu yoonedwa kale yokha, kapena ungatsekedwe ndithu.

Pulogramu ya H5P, imene ili yaulere ndipo imagwira nchito m'kati mwa Moodle, malo a maphunziro a pa intaneti amene Yunivesiti ya Zambia ndi masukulu ena aakulu amagwiritsa nchito, ili ndi zake zothandiza. Mphunzitsi angaike funso pakati pa kanema kotero kuti kanemayo amaima mpaka mwana atayankha. Angalembe mitu pa mzere wa nthawi kuti mwana adumphire pamene afuna. Angaikenso batani lobwerera m'mbuyo masekondi 10, limene ndi mnzake weniweni wa mwana amene waphonya liu limodzi lokha. Komanso angaletse kudumpha kutsogolo.

CIFUKWA CAKE AMATSEKA

Amene amatseka kamzere kaja sacita dala kuzunza ana. Mapulogramu ambiri otere anakula chifukwa ca makampani ofuna kuphunzitsa anchito ao malamulo, monga a citetezo pa nchito za migodi ndi za m'mafakitale. Kumeneko mwini nchito afuna umboni wakuti wanchito waona tsamba lililonse, pakuti wodumpha tsamba la za ngozi angataye moyo wake ndi wa anzake. Ngakhale ana a sukulu ali nako kacizolowezi kothamangira ku mapeto kuti anene kuti atsiriza, ndipo akale anati wothamangira kumeza kutafuna kukadakoma sadziwa kukoma kwa cakudya.

Koma kuletsa kudumpha kutsogolo ndi kuletsa kubwerera m'mbuyo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana amene kunyumba amalankhula Cibemba kapena Cinyanja, namva phunziro la sayansi m'Cingerezi cothamanga, afunika kumva ciganizo cimodzi kawiri kapena katatu. Ngati kamzere katsekedwa, njira yokha imene yatsala ndi kuyambanso tsamba lonse kucokera pa ciyambi. Tsamba likakhala la mphindi 10, mwanayo amataya nthawi ndi batire, nthawi zinanso ndalama ya intaneti, pofuna kumva mau a masekondi asanu cabe. Ambiri amaleka nangopitirira osamvetsa, ndipo mphako imeneyo imadzaonekera pa tsiku la mayeso.

PAMENE MAKINA AMALEPHERA

Ngakhale wopanga phunziro atakhala wacifundo, mapulogramuwa ali ndi malire ao. Coyamba, mu Storyline mzere wa nthawi ndi wa tsamba limodzi lokha. Phunziro la masamba 30 lili ndi mizere 30 yosiyana, kotero kuti mwana sangakoke cala kamodzi kuti afike pakati pa phunziro lonse monga acitira pa kanema. Ngati wopanga sanalembe mitu yomveka bwino, mwana amafufuza tsamba ndi tsamba monga wofuna singano m'udzu.

Caciwiri ndi kukumbukira pamene mwana analekezera. Phunziro lingathe kufunsa mwana ngati afuna kupitiriza pa tsamba limene anasiyira, koma cikumbukiro cimeneci cimasungidwa m'malo awiri: pa dzina la mwana m'makina a sukulu, kapena m'foni momwemo. Cikasungidwa m'foni, ana atatu a nyumba imodzi obwerekana foni amasokonezerana, pakuti foni sidziwa kuti tsopano waigwira ndi mng'ono, mkulu wapita kukatunga madzi. Ndipo wina akafufuta zosungidwa m'foni kuti apeze malo a zithunzi, cikumbukiro cija cimapita nazo.

Cacitatu ndi kucepa kwa galasi la foni. Kamzere kamene pa kompyuta kali ngati rula, pa foni kamafupika ngati kamtengo ka macisi, ndipo cala cikatsetsereka pang'ono phunziro ladumpha kale masekondi ambiri. Cacinai ndi mtengo. Storyline imagwira nchito pa kompyuta ya Windows, ndipo cilolezo cake cimaposa madola 1,000 a ku America pa caka kwa munthu mmodzi, ndalama imene mphunzitsi wamba sangaikwanitse. Cotsiriza, makina amakalamba. Pa 31 Disembala 2020 kampani ya Adobe inaleka kusamalira Flash, njira imene maphunziro ambiri akale anapangidwira, ndipo maphunziro amene sanakonzedwenso analeka kutseguka.

ZIMENE DZIKO LINAONA

Kufunika kwa zonsezi kunaoneka poyera pa 20 Marichi 2020, pamene masukulu onse m'dziko anatsekedwa cifukwa ca matenda a Covid-19. Mu Epulo caka comweco Boma linatsegula njira ya maphunziro pa televizyoni ya ZNBC, ya TV4, pamodzi ndi malo a maphunziro a pa intaneti mothandizana ndi kampani ya Zamtel. Ana a m'makalasi a mayeso anabwerera ku sukulu pa 1 Juni, koma enawo anakhala kunyumba mpaka pa 21 Seputembala. Miyezi yonseyo, phunziro la pa televizyoni linali ndi khalidwe lomwelija la wailesi yakale: wotumidwa ku msika pa ora limenelo analiphonya.

Mu 2024 matenda a kolera anacedwetsa kutsegulira masukulu mpaka pa 12 Febuluwale. Caka comweco cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'matauni onse, kuphatikizapo Kitwe ndi Ndola. Pa nyengo yotere mwana saphunzira ora lathunthu mosadukiza. Amaphunzira mphindi zingapo apa, zingapo apo, malinga ndi batire. Phunziro lomuyenera ndi lija logawidwa m'zigawo zazifupi, limene amaliimitsa lero nalipeza mawa pamene analisiya. Njira yosungiratu maphunziro m'makina inayesedwa kale m'dziko muno. Mu 2013 kampani ya iSchool inatulutsa kakompyuta ka m'manja kochedwa ZEduPad, kokhala ndi maphunziro a ku pulaimale m'Cingerezi ndi m'zinenero za Zambia, osafuna intaneti.

ZOYENERA KUFUNSA MAKOLO

Kholo silifunika kudziwa kupanga phunziro kuti liweruze ngati phunzirolo ndi labwino. Asanalipire ndalama iliyonse, atate kapena amai akhale pansi ndi mwana, natsegule tsamba limodzi. Mwana aimitse mau pakati, kuti aone ngati amaimadi. Akoke kamzere m'mbuyo pang'ono, kuti aone ngati kalola. Azimitse foni, naiyatsenso, kuti aone ngati phunziro likumbukira pamene anafika. Makolo afunsenso wogulitsa kapena mphunzitsi ngati phunzirolo lingasungidwe m'foni kamodzi kokha ndi kutsegulidwa popanda intaneti, ndiponso ngati mwana aliyense ali ndi dzina lake lolowera. Safunsa anadya phula.

Kumudzi kumene kuli foni yaing'ono ya mabatani, kholo lisataye mtima. Mafoni ambiri otere amalandira memori khadi, ndipo phunziro la mau lojambulidwa ndi mphunzitsi lingaikidwemo, mwana namaliimitsa ndi kulibwereza mmene afunira. Pa nkhani ya kubwerera m'mbuyo, kafoni kotere kangapose phunziro lokongola la pa kompyuta limene kamzere kake katsekedwa.

Kwa aphunzitsi ndi ophunzira uphunzitsi m'makoleji a ku Kitwe, ku Chipata ndi kwina, amene tsopano ayamba kudzipangira okha maphunziro otere, langizo ndi lalifupi. Tsamba lisatalike kuposa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mutu uliwonse ulembedwe ndi mau omveka, kuti mwana aupeze msanga. Funso liimitse nthawi mpaka mwana atayankha, osati kumuthawa pakapita masekondi. Ngati pali cifukwa cotsekera kutsogolo, kutsekedwe ulendo woyamba wokha, koma njira yobwerera m'mbuyo ikhale yotseguka nthawi zonse. Ndipo phunziro lisanaperekedwe, liyesedwe pa foni yochipa, m'manja mwa mwana amene amacedwa kumva m'kalasi. Iyeyo akatha kubwerera nkumva cimene anaphonya, anzake onse adzathanso.