Msana Ukamapweteka Osasiya: Chifukwa Chake Amajambula

Mayi, mu sewero lija munamva za mayi amene msana unamupweteka miyezi itatu. Anzake ankati ndi khasu komanso kubereka mwana kumbuyo. Anafika kuchipatala miyendo itafooka kale. Pokambirana, amayi anafunsa mafunso awa.

Kodi ndi ululu uti woopsa?

Msana wotopa ndi ntchito umapola mukapumula. Koma ululu wokula usiku mutagona, dzanzi m'miyendo, kugwaigwa poyenda, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, zingasonyeze kuti chotupa chikupanikiza mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana. Mtsempha umenewu ukapanikizika nthawi yaitali, munthu amapuwala. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musayambe mwatemera mphini.

Nanga X-ray siyokwanira?

X-ray imaonetsa mafupa, koma mtsempha uja siuoneka. Chotupa chaching'ono chingabisale. Choncho akakuuzani kuti chithunzi chili bwino, koma miyendo ikunka nifooka, bwererani mukafotokozenso. Makina a CT amaonetsa fupa bwino koposa X-ray. Makina a MRI ndiwo amaonetsa mtsempha ndi chotupa chomwe. Ku Malawi MRI yoyamba inafika m'chaka cha 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kodi MRI imapweteka?

Iyayi. Mumagona osagwedezeka kwa mphindi 30 mpaka 60. Makinawo amachita phokoso chabe. Popeza amagwira ntchito ndi maginito amphamvu, vulani ndolo ndi zibangili, ndipo nenani ngati muli ndi chitsulo m'thupi. Ngati muli oyembekezera, auzeni adokotala asanakujambuleni ndi makina alionse.

Kodi chotupa chilichonse ndi khansa?

Ayi. Zina si khansa. TB ya msana nayo imafanana ndi chotupa pa chithunzi, ndipo imachizika ndi mankhwala. Kuti atsimikize, adokotala amachotsa kanyama kakang'ono pamalopo n'kukapima. Kwa akuluakulu, khansa ya mumsana kawirikawiri imachokera kwina, monga ku bere kapena m'mapapo. Ndiye ngati muli ndi chotupa m'bere, musachite manyazi kuchitchula.

Kumbukirani: ana nawonso amadwala matendawa. Mwana amene ankathamanga bwino akayamba kukoka miyendo kapena kulira msana usiku, musadikire tsiku la sikelo. Munthu akathandizidwa akadali woyenda, mwayi woti apitirize kuyenda umakhala waukulu.