Mtengo wa Mankhwala ndi Thumba la Chipatala la Antchito

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Mwanza, boma la manachesi, kumene kuli chipata chachikulu cha m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Usana ndi usiku magalimoto akuluakulu amadutsa pachipatachi kuchokera ku Beira, ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo pakati pa katundu amene amanyamula pamakhalanso mankhwala. Pa boma pomwepo pali anthu ambiri olembedwa ntchito: a kasitomu, a m'mabanki, a makampani oombola katundu, madalaivala ndi amakanika. Ena mwa iwo mabwana awo adawaloŵetsa m'sikimu ya chipatala. Funso limene likusautsa olemba ntchito ndi antchito omwe ndi lakuti, kodi thumba limeneli lingasamalidwe bwanji pamene mtengo wa mankhwala ukukwera chaka ndi chaka?

Choyamba ndi kumvetsa m'mene sikimu imayendera. Ku chipatala cha boma, monga cha Mwanza, wodwala salipira, ndipo mankhwala ambiri amachokera ku bungwe la Central Medical Stores Trust. Koma nthaŵi zina mankhwala ena amasoŵa, ndipo wodwala amauzidwa kuti akagule yekha. Nchifukwa chake makampani amalembetsa antchito awo ku mabungwe onga Medical Aid Society of Malawi, imene ambiri amaidziŵa ndi dzina lakuti MASM. Mwezi ndi mwezi kampani imasonkha ndalama, ndipo kaŵirikaŵiri wantchito amadulidwako pa malipiro ake. Ndalamazo zimaloŵa m'thumba limodzi. Amene wadwala mwezi uno amathandizidwa ndi zosonkha za anzake amene ali bwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma thumbalo lili ngati nkhokwe ya pamudzi: zotuluka zikachuluka kuposa zoloŵa, chaka chotsatira zosonkha zimakwera, apo ayi thandizo limachepetsedwa.

Chimene chimakweza mtengo kwambiri ndicho chakuti mankhwala ochuluka amagulidwa kunja, makamaka ku India, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Pa nthaŵi yachiŵiriyo, dola imodzi ya ku America imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Tanthauzo lake ndi lakuti bokosi la mankhwala la madola 10, limene linali K11,800, lidasanduka la K17,000 tsiku limodzi, lisanakwezedwe ndi pagalimoto pomwe.

Chachiŵiri ndi matenda amgonagona. Malungo amatha ndi mankhwala a LA a masiku atatu, koma kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu zimafuna mankhwala tsiku ndi tsiku, nthaŵi zambiri kwa moyo wonse. Dalaivala mmodzi wodwala shuga amatapa m'thumba miyezi 12 pa chaka, ndipo akasiya kumwa mankhwala chifukwa cha mtengo, amadzagonekedwa m'chipatala pa ndalama zambiri koposa.

Njira yaikulu yosamalira thumba ndiyo kugula mankhwala potsata dzina la mphamvu yake m'malo mwa dzina la kampani imene idawapanga. Kampani ikatulukira mankhwala atsopano, malamulo a malonda a dziko lonse amaipatsa zaka 20 kuti ikhale yokha yowapanga, ndipo pa nthaŵiyo imaika mtengo umene ifuna. Zakazo zikatha, makampani ena amaloledwa kupanga mankhwala omwewo, ndi muyeso womwewo, pa mtengo wotsika. Panado amene aliyense amamudziŵa ndi dzina la malonda chabe. Mphamvu imene ili m'kati mwake ndi paracetamol. Chimodzimodzinso metformin wa shuga kapena amlodipine wa kuthamanga kwa magazi amabwera m'mabokosi a maina ndi mitengo yosiyanasiyana.

Dziko lino lidaona kale phindu la njira imeneyi. Chisanafike chaka cha 2001, mankhwala otalikitsa moyo a munthu mmodzi ankapitirira madola 10,000 pa chaka. M'chaka chimenecho kampani ya Cipla ya ku India idalengeza kuti idzagulitsa mankhwala a mitundu itatu pa madola 350 pa chaka. Kutsika kwa mtengo kumeneku ndi chimodzi mwa zimene zidathandiza kuti mu 2004 boma la Malaŵi liyambe kupereka ma ARV mwaulere.

Njira yachiŵiri ndiyo kukhala ndi mndandanda wa mankhwala amene sikimu imalipira. Bungwe la World Health Organization lidatulutsa mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunikira kwambiri mu 1977, wokhala ndi mitundu yoposa 200 pang'ono, ndipo Unduna wa Zaumoyo m'dziko muno uli ndi mndandanda wake pamodzi ndi malangizo a kachiritsidwe ka matenda. Sikimu imene imatsata mndandanda wotere imalipira mokwanira mankhwala amene alipo, ndipo wofuna a dzina lokwera mtengo amaonjezera yekha ndalama zotsalazo. Pamenepa pafunika chilungamo: dokotala akaona kuti wodwala sakugwirizana ndi mankhwala a pamndandanda, payenera kukhala njira yofulumira yomulolera ena.

Njira yachitatu ndiyo kulembetsa odwala matenda amgonagona kuti azilandira mankhwala a miyezi iŵiri kapena itatu nthaŵi imodzi, ngati dokotala wavomereza. Kwa wantchito wa ku Mwanza nkhaniyi ndi yaikulu, pakuti Blantyre ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ngati mankhwala ake sapezeka pafupi, ulendo uliwonse umadya ndalama za basi ndi tsiku lathunthu la ntchito. Choncho kampani yanzeru, isanasaine mgwirizano, imafunsa kuti ndi zipatala ziti ndi masitolo ati a mankhwala a m'boma lomwelo amene amalandira khadi ya sikimuyo. Imakumbukiranso kuti ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu boma limapereka mwaulere, kotero palibe chifukwa chowagulira kaŵiri. Chofunika ndi kusunga chinsinsi: bwana ali ndi ufulu wodziŵa chiŵerengero cha ndalama zimene zatuluka, koma matenda a wantchito ndi nkhani ya wantchitoyo ndi dokotala wake.

Palinso chiswe chimene chimadya nkhokwe mwakachetechete. Ena amabwereketsa khadi kwa m'bale amene sadalembetsedwe. Ena amatenga mankhwala kuti akasunge kunyumba kapena akagulitse. Ena amaumiriza dokotala kuti awalembere amoxicillin pa chimfine wamba, chonsecho mankhwala otere sachiza chimfine, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumachititsa kuti tizilombo tiwazoloŵere. Munthu wosaina pepala la ku chipatala asanaŵerenge zimene zalembedwapo naye amatsegulira khomo chinyengo. Zonsezi zimabwerera kwa anthu omwewo pamene zosonkha zikwera.

Koma kufuna zotsika mtengo kusafike pogula mankhwala pamsika, m'basi kapena kwa ogulitsa oyendayenda a m'malire. Mankhwala otere angakhale achinyengo, otha ntchito, kapena oonongeka ndi dzuŵa. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Sikimu iliyonse iyenera kulipira okhawo amene ali ndi chiphaso.

Vutoli si la Malaŵi yekha. Ku South Africa boma lidalamula mu 2004 kuti wopanga mankhwala azigulitsa pa mtengo umodzi kwa ogula onse a m'zipatala ndi masitolo omwe si aboma. Ku America, kumene anthu ambiri amalandira thandizo la chipatala kudzera kuntchito, kuli makampani apakati amene amakambirana mitengo m'malo mwa olemba ntchito. Atatu okha, CVS Caremark, Express Scripts ndi Optum Rx, amayendetsa pafupifupi magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a mankhwala olembedwa ndi madokotala, ndipo kuli madandaulo akuti phindu la kuchotsera mitengo silifika lonse kwa wodwala. Phunziro lake ndi lakuti wolipira ayenera kuona ziŵerengero ndi maso ake.

Pomaliza, wantchito aliyense amene ali pa sikimu adziŵe malire a ndalama za mankhwala zimene amaloledwa pa chaka, adziŵe gawo limene amalipira yekha, ndipo afunse dokotala kapena wogulitsa mankhwala ngati pali ena a mphamvu yomweyo otsikirapo mtengo. Olemba ntchito nawo akhale pansi ndi oimira antchito kamodzi pa chaka kuti aone mitundu ya mankhwala imene yatapa ndalama zambiri. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo kwacha iliyonse yopulumutsidwa lero ndiyo idzagulire mankhwala mnzathu amene adzadwale maŵa.