SIKELO YABODZA NAYO SISINTHA MAWU

Nyengo yokolola ikafika, m'midzi ya kwa Msakambewa m'boma la Dowa simusowa sikelo yolendewera pa mtengo. Pansi pake pali venda, kachikwama ka ndalama m'chiuno, kudikira soya, mtedza, nyemba ndi chimanga zotsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Kuyambira 1987, pamene boma linalola anthu wamba kugula mbewu pambali pa ADMARC, sikelo zotere zangoti mbwee. Katunduyu mapeto ake ndi pa benchi panu, inu a malonda a ku Lilongwe, kwa Mchesi ndi ku Kawale. Tsono nkhaniyi ndi yanunso.

Mlimi akakayika, venda yankho lake ndi limodzi: tipachikenso. Tiyerekeze thumba lokwana makilogalamu 50. Alikweza, muvi uloza pa 47. Alitsitsa n'kulikwezanso, 47. Kachitatu, 47 yemweyo. Mlimi manyazi amugwira, alandira ndalama n'kumapita. Koma chimene waona apo n'chiyani? Waona kuti sikeloyo sisintha mawu. Sanaone kuti ikunena zoona. Paja mboni yabodza yophunzitsidwa bwino nayo imabwereza mawu omwewo pa bwalo, ngakhale amfumu aifunse kakhumi.

Akatswiri a zoyezayeza amasiyanitsa ziwirizi. Kubwereza yankho limodzimodzi pa Chingerezi amati precision. Kuyandikira kulemera kwenikweni kwa chinthu amati accuracy. Sikelo ikhoza kukhala ndi china, n'kusowa chinzake.

Taonani sikelo ina yokalamba, thumba lomwelo. Iti 49, kenaka 51, kenaka 50. Aliyense aiseka kuti yapenga. Chonsecho muphatikize manambalawo n'kugawa patatu, mupeza 50, choonadi chenicheni. Yopengayi imaphonya uku ndi uku, ndiye mukapima kangapo zolakwazo zimafafanizana. Ya 47 ija ayi. Mupime mpaka dzuwa kulowa, makilogalamu atatu aja sabwerera. Pa matumba 20 ndi makilogalamu 60, thumba lathunthu ndi nyenyeswa zake, kupita popanda wolira kuti wakuba.

Musanamizidwenso ndi sikelo za mabatire zolemba manambala ambirimbiri. Kulemba 47.25 sikuti ndiye chilungamo. Ndi bodza lomwelo, kungoti lavala tayi.

Sikuti sikelo iliyonse yolakwa ndi yochita kuseweretsa. Sipuling'i imatopa, dzimbiri limalowa, muvi umasiya kubwerera pa 0. Ndipo sipuling'i ikatopa imatambasuka mopitirira, sikelo n'kumaonjezera. Apo wogula ndiye akudzibera yekha, akulipira makilogalamu amene kulibe. Ambiri amadzadabwa kutauni kuti mpamba ukutha bwanji pamene malonda akuyenda.

Sikelo siingadzichitire umboni yokha. Pafunika mulingo wochokera kwina umene aliyense akuuvomereza. Kuyambira 1889 dziko lonse linkadalira kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres, kufupi ndi Paris ku France, kuti ndiko kilogalamu. Pa 20 May 2019 asayansi anakapumitsa, n'kumanga kilogalamu pa nambala ya m'chilengedwe yosasintha yotchedwa Planck constant. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972. Iwo amabwera ndi miyala yawo yoyezera, ndipo sikelo ikakhoza mayeso amaiika chizindikiro. Lamulo limafuna kuti sikelo yochitira malonda ikhale yotsimikizidwa chotero. Vuto n'lakuti oyendera masikelo sangakhale pansi pa mtengo uliwonse kuyambira ku Mponela mpaka kwa Malomo.

Nanga kumudzi mutani? Madzi alipo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choyamba onani ngati muvi uli pa 0 musanapachike kanthu. Ena amayesa ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, koma imeneyo yokha ndi yochepa. Sikelo yodya makilogalamu atatu pa 50 aliwonse, pa paketi ya shuga imangodya magalamu 60, ndipo pa muvi diso silingaone. Tengani chigubu, muchipime chopanda kanthu, muthiremo malita 20 oyeza bwino, mupachikenso. Muvi ukwere ndi makilogalamu 20. Ukakwera ndi 19 osakwana, masulani thumba lanu mupite kwa wina.