Mazenera a nyumba ya ku Makhanga: atchinge dzuwa, alowetse mphepo

Kuchokera mu 2015, anthu a ku Makhanga m'dera la mfumu yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje akhala akumanga nyumba mobwerezabwereza. Madzi osefukira a mu January 2015, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 adagwetsa nyumba m'derali, lomwe lili pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Ena amanganso pamalo awo akale, ena atsatira uphungu wa boma wosamukira kumtunda, ndipo abale awo amene ali pantchito m'mizinda amathandizapo ndi ndalama komanso maganizo a kamangidwe.

Pokonzekera nyumba zoterezi, mtima umakhala pa maziko, njerwa, simenti ndi malata. Mazenera amakumbukiridwa kumapeto ndalama zitatsala pang'ono, kapena amangotengeredwa ku nyumba imene mwini wake adaisirira mumzinda. Komatu kuchigwa cha Shire zenera ndilo limagamula ngati banja lidzagona m'nyumba mwezi wa October kapena lidzayala mikeka pabwalo pomwe udzudzu uli tcheru.

Zenera la mumzinda ndi nyengo ya kuchigwa

Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Makhanga safika ndi mamita 100 omwe. Mpweya umatentha moonjezereka ndi madigiri pafupifupi 6 munthu akatsika mamita 1,000, n'chifukwa chake kuchigwa kutentha kumadutsa madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November. Zenera lomwe silivutitsa aliyense ku Namiwawa likhoza kusandutsa chipinda cha ku Makhanga kukhala ng'anjo.

Mazenera amene amatsatsidwa kuti ndi opulumutsa magetsi adapangidwa poganizira maiko ozizira a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, komwe vuto ndi kusunga kutentha m'nyumba. Amakhala ndi magalasi awiri ophatikiza okhala ndi mpweya pakati, ndipo amachepetsa ndi theka kutentha kodutsa pagalasi kuchokera ku mpweya wa mbali imodzi kupita ku inayo. Kumalo otentha amathandiza ngati nyumba ili yotseka ndipo makina oziziritsira mpweya akugwira ntchito. Zenera likangotsegulidwa, phindu la galasi lachiwirilo limatheratu. Likakhala lotseka, gawo lalikulu la kutentha kwa dzuwa limalowabe, pokhapokha galasilo likhale lopakidwa mankhwala apadera obweza dzuwa.

Kudalira makina oziziritsira nakonso n'kovuta. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo amaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Ngakhale amene ali ndi magetsi a ESCOM akukumbukira momwe namondwe wa Ana adaonongera malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho ku Makhanga zenera lopulumutsa magetsi ndi lomwe limachititsa kuti nyumba ikhalike popanda fani masana ndi usiku, komanso popanda kuyatsa nyali dzuwa likadali kunja. Ntchito zake ndi zitatu: kutchinga dzuwa, kulowetsa mphepo ndi kuletsa udzudzu.

Mbali imene zenera layang'ana

Chisankho chachikulu chimachitika njerwa yoyamba isanayalidwe. Makhanga ali pamadigiri pafupifupi 16 kummwera kwa mzere wa Equator, choncho masana dzuwa limakhala pamwamba kwambiri. Kumayambiriro kwa November ndi kumayambiriro kwa February limafika paliwombo penipeni. Mu June limapendekera kumpoto, ndipo mu December limapendekera pang'ono kummwera. Izi zikutanthauza kuti makoma a kumpoto ndi kummwera ndi osavuta kuwateteza. Denga lotuluka kunja ndi masentimita 60 limaponya mthunzi wa mamita pafupifupi awiri pakhoma la kumpoto masana a kumapeto kwa September, womwe ndi wokwanira kuphimba zenera lonse. Khonde lalikulu limachita zoposa pamenepo.

Makoma a kummawa ndi kumadzulo ndi osiyana, chifukwa dzuwa limawaomba lili mmunsi ndipo limalowa pansi pa denga. Zenera la kumadzulo ndilo loipitsitsa, popeza limalandira dzuwa cha m'ma 2 mpaka 5 koloko madzulo pamene kunja kwatentha kale. Galasi wamba loyera limalowetsa magawo oposa 8 mwa magawo 10 a kutentha kwa dzuwa, ndipo kutenthako kumalowa m'makoma ndi pansi n'kumatuluka usiku anthu akufuna kugona.

Nzeru yake ndi kuika nyumba motalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo, kuti makoma aatali ndi mazenera aakulu ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Kumadzulo kukhale bafa, chipinda chosungiramo katundu kapena khoma lopanda zenera. Ngati malo sakulola, zenera la kumadzulo likhale laling'ono, likhale ndi chitseko chathabwa chotsekera kunja, ndipo mbali imeneyo kubzalidwe mtengo wamthunzi monga nimu kapena mango patali pang'ono ndi maziko. Mthunzi wa kunja umaposa katani, pakuti katani amatchinga dzuwa litadutsa kale pagalasi.

Mtundu wa zenera ndi galasi lake

Mphepo imadutsa m'chipinda pokhapokha ikakhala ndi polowera ndi potulukira. Chipinda cha zenera limodzi chimakhala chotentha ngakhale zeneralo likhale lalikulu. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi mazenera m'makoma awiri, makamaka oyang'anizana, ndipo mmunsi mwa zenera musakwere kwambiri kuti mphepo izifika pomwe munthu wagona. Kuyambira May mpaka August mphepo yambiri m'dziko muno imachokera kummwera chakummawa, koma ndi bwino kufunsa anthu okhala pafupi ndi malowo kumene mphepo ya madzulo imachokera m'miyezi yotentha.

Mazenera a aluminiyamu okankhira m'mbali ndi amene afala m'mizinda. Vuto lawo n'lakuti amatseguka theka lokha, chifukwa galasi limodzi limangobisala kuseri kwa linzake. Munthu amalipira zenera lonse, dzuwa limalowa pazenera lonse, koma mphepo imapeza theka. Mazenera otsegukira kunja ngati chitseko amatseguka pafupifupi onse, ndipo amatha kukodola mphepo yodutsa m'mbali mwa khoma. Mazenera a timagalasi topingasa, aja timawatchula kuti malouvre, nawonso amatseguka pafupifupi onse, amatha kukhala otsegula mvula yamawawa ikugwa, ndipo kagalasi kamodzi kakasweka kamasinthidwa kokha. Kufooka kwawo n'kwakuti amalowetsa fumbi ndipo wakuba amatha kusolola timagalasito, choncho amafunika zitsulo zotchinga.

Galasi lakuda limaoneka ngati lothandiza, ndipo limachepetsadi kuwala. Komabe limamwa kutentha n'kutulutsira gawo lina m'nyumba momwemo, kwinaku likudetsa chipinda mpaka anthu kuyatsa nyali masana. Galasi loyera lomwe lili pamthunzi wa khonde limaposa galasi lakuda lomwe lili padzuwa, ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Pankhani ya kukula, malamulo a zomangamanga a ku South Africa amafuna kuti mazenera a chipinda akhale osachepera magawo 10 pa 100 a kukula kwa pansi pa chipindacho, ndipo malo otseguka akhale osachepera magawo 5 pa 100. Pachipinda cha mamita 3 ku mamita 4, zimenezi ndi zenera la pafupifupi mita imodzi ku mamita 1.2. Umenewu ndi mlingo wochepetsetsa, ndipo kuchigwa ndi bwino kuudutsa, makamaka pa malo otseguka. Pamwamba pa makoma pakhalenso timabowo totulutsira mpweya wotentha womwe umaunjikana pansi pa malata.

Udzudzu, akuba ndi madzi

Zenera lomwe anthu amalitseka usiku poopa malungo kapena akuba silithandiza pa nthawi imene likufunika kwambiri. Usiku ndi pamene mpweya wa kunja umazizirirako ndipo umatha kuchotsa kutentha kumene njerwa zamwa masana. N'chifukwa chake waya wa timaenje ting'onoting'ono woletsa udzudzu ndi zitsulo zotchinga akuba ziyenera kuwerengeredwa pamtengo wa zenera kuyambira pachiyambi. Kafukufuku wa ku The Gambia yemwe adasindikizidwa m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2009 adapeza kuti nyumba zotchingidwa ndi waya wotere zimalowa udzudzu wochepa ndi pafupifupi theka, ndipo ana okhalamo ochepa magazi adali ocheperapo. Wayayu amachepetsa mphepo, choncho zenera lokhala naye liyenera kukulirapo. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga nawonso utsekedwe ndi waya, popeza ndiyo njira yaikulu ya udzudzu wofalitsa malungo, ndipo kugona m'masikito kusasiyidwe.

Mafelemu achitsulo owotcherera ndi olimba ndipo amisiri ake amapezeka mosavuta, koma amachita dzimbiri msanga kumalo achinyezi ngati sadapakidwe penti yoteteza asanaikidwe m'khoma. Aluminiyamu sachita dzimbiri, koma ndi wodula. Matabwa satentha padzuwa ngati chitsulo, koma amafuna mankhwala a chiswe ndipo amafufuma akanyowa.

Pomaliza, zenera ndi bowo m'khoma, ndipo khoma la m'dera la madzi osefukira liyenera kukhala lamphamvu. Zenera likhale kutali ndi ngodya ya nyumba ndi masentimita osachepera 60, pamwamba pake pakhale lintala ya konkire yokhala ndi zitsulo, ndipo mazenera awiri apakatikati ndi abwino kusiyana ndi limodzi lalikulu kwambiri.

Amene mukutumiza ndalama zomangira kumudzi, musanavomere pulani funsani mmisiri kuti akuonetseni kumadzulo kwa nyumbayo ndi mazenera amene ayang'ana kumeneko, kutalika kwa denga lotuluka kunja, ndi njira imene mphepo idzadutse m'chipinda chilichonse. Mafunsowa sadya ndalama pamene nyumba ikadali papepala, koma khoma likafika pa lintala, kusuntha zenera kumafuna kugumula njerwa ndi kugulanso simenti.