Zoyenera kuchita galimoto ikakana kulira pamene sitata ikugwira ntchito

Ogwira ntchito m'boma ambiri amene amayenda maulendo a m'maboma ndi kumidzi anakumanapo ndi vutoli: dalaivala apotoza kiyi, sitata itembenuza injini bwinobwino, koma galimoto osalira. Kawirikawiri anthu amathamangira kuloza chala batire ndi kuyamba kukankha galimotoyo, chonsecho injini ikamatembenuka ndi mphamvu, ndiye kuti batire ndi sitata zili bwino.

Kuti injini ilire pamafunika mafuta, mpweya ndi moto, ndipo zitatuzi ziyenera kukumana pa nthawi yake. Choncho ntchito ya dalaivala ndi kufufuza modekha chimene chikusowa.

Poyambira ndi pa mafuta. Pa galimoto zambiri za petulo, munthu akapotoza kiyi osafika poliza injini, pampu ya mu thanki imamveka kulira kwa masekondi awiri kapena atatu. Ikakhala chete, ndi bwino kuyang'ana kaye fyuzi yake asanaganize zogula pampu ina. Kukamveka fungo lamphamvu la petulo, mwina mafuta achuluka ndipo anyowetsa mapulagi. Zikatero dalaivala aponde moto mpaka pansi n'kuyesanso kuliza.

Galimoto za dizilo, zomwe ndi zambiri m'maunduna, zilibe mapulagi otulutsa moto chifukwa mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. N'chifukwa chake zimavuta kulira m'mamawa m'miyezi ya June ndi July m'madera ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, makamaka ngati mapulagi otenthetsa injini afa. Dalaivala adikire kuti nyali ya mapulagiwa pa dashibodi izime asanalize.

Vuto lina la dizilo limadza thanki ikauma. Mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo ngakhale athiremo mafuta ena galimoto siilira mpaka mpweyawo utachotsedwa. Galimoto zambiri zili ndi kapampu kopopa ndi dzanja pamwamba pa sefa ya mafuta, ndipo amapopa kufikira katalimba.

Mafuta ogula m'zigubu nawo amabweretsa mavuto. Pa nthawi imene mafuta asowa, monga zinachitikira m'zaka za 2011 ndi 2022, anthu amagula kulikonse, ndipo ena mwa mafutawo amakhala ndi madzi kapena zinyalala zimene zimatseka sefa.

Ngati mafuta akufika, dalaivala aone nyali ya kiyi pa dashibodi. Ikamaphethira mosalekeza, kompyuta ya galimoto siyikumuzindikira kiyiyo, choncho ayese kiyi wapadera.

Pali chizindikiro chimodzi chofunika kusiya zonse. Injini ikamatembenuka mopepuka ndi mothamanga kuposa masiku onse, mwina lamba wa timing waduka, ndipo pa injini zina kupitiriza kuliza kumapinda mavavu. Apa pofunika makaniko basi.

Sitata isalizidwe kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, ndipo izipumitsidwa kuti izizire. Galimoto ya otomatiki siilira pokankha, choncho kutero ndi kutaya mphamvu chabe.

Zonsezi zikakanika, dalaivala adziwitse woyang'anira galimoto ku ofesi ndi kufotokoza bwino zimene anamva ndi kuona. Izi zimathandiza makaniko kupeza vuto msanga, m'malo mogula zipangizo mongoyerekeza ndi ndalama za misonkho ya anthu.