Tulo ta Dalaivala wa Thiraki ku America

Ku America, dalaivala wa thiraki sachita kudzisankhira nthawi yopuma. Malamulo a bungwe la boma la FMCSA ndiwo amamuwerengera maola. Akapuma maola 10 otsatizana, amaloledwa kugwira chiwongolero kwa maola 11 okha, ndipo onsewo athere mkati mwa maola 14 chiyambireni ntchito tsikulo. Akayendetsa maola 8, apumeko mphindi 30.

Kale zonsezi ankalemba pamanja m'buku, ndipo ena ankanamizira kuti agona pofuna kufikitsa katundu msanga. Kuyambira Disembala 2017, kachipangizo ka ELD kolumikizidwa ku injini kamalemba kokha galimoto ikangoyamba kuyenda.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti maola 14 aja amapitirira kutha ngakhale dalaivala ali pamzere kudikira kuti amutsitsire katundu. Ambiri amalipidwa potengera mtunda umene ayenda, choncho tsiku lothera pachipata cha fakitale limawadyera malipiro.